Tiyankheni: Kodi n'zoona kuti mtengo wa anyezi ndiwo udabala msika wa Pike Place ku Seattle?

Mwezi uno tikuyankha makalata atatu amene adatipeza nthawi zosiyana, koma onse akufunsa za msika umodzi wa ku America. Tayamba ndi kalata imene yafika posachedwapa, chifukwa yankho lake likutsegulira njira enawo.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mayi wa zaka 58, ndimalima anyezi, tomato ndi kabichi m'dimba kuno ku Ntcheu, ndipo ndakhala ndikugulitsa pa Lizulu kwa zaka zambiri. Mwana wanga wamkazi ali pa sukulu mumzinda wa Seattle ku America. Mwezi wathawu adanditumizira zithunzi za msika wotchedwa Pike Place, n'kundiuza kuti msikawo udayamba chifukwa cha mkangano wa mtengo wa anyezi. Ine ndidaganiza kuti akungofuna kundisangalatsa, popeza amadziwa madandaulo anga pa mavenda amene amabwera ndi malole n'kumatchula okha mtengo wa mbewu zimene sadathirire. Kodi nkhaniyi ndi yoona? Ngati ndi yoona, zatheka bwanji kuti msika wa alimi ukhalebe pakatikati pa mzinda wolemera chotero, pamalo pamene anthu andalama akadatha kumangapo nyumba zosanja? — Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO: Mayi, mwana wanu sadakunamizeni, ngakhale kuti anyezi adangoyatsa moto pa udzu umene udali utauma kale. Tiyambe talongosola malowo. Seattle ndi mzinda wa kumpoto chakumadzulo kwa America, m'chigawo cha Washington, chimene sitiyenera kuchisokoneza ndi mzinda wa Washington kumene kuli likulu la boma, pakuti malo awiriwa atalikirana makilomita oposa 3,000. Mzindawu uli m'mphepete mwa madzi amchere a Puget Sound, ndipo msika wa Pike Place udamangidwa pamtunda wotsetsereka woyang'anizana ndi doko la Elliott Bay, kotero kuti munthu wolowera kumsewu amayesa kuti ali pansi, koma akayenda pang'ono amapeza masitepe otsikira ku masitolo ena amene ali kunsi kwa mapazi ake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mzindawu udakula mofulumira kwambiri. Mu 1900 mudali anthu pafupifupi 80,000, koma pofika 1910 adali atapitirira 237,000, chifukwa cha malonda a matabwa, doko, njanji, komanso golide amene adapezeka ku Klondike m'dziko la Canada, kumene anthu ambiri ankapita kudzera mu Seattle kuyambira 1897. Pakamwa ponsepo pankafuna chakudya. Alimi adalipo, m'zigwa zachonde za kumwera kwa mzinda ndiponso pa zilumba monga Vashon ndi Bainbridge, kumene zokolola zinkabwera pa boti, ndipo ambiri mwa iwo adali obwera kuchokera ku Italy ndi ku Japan. Vuto lidali pa njira imene ndiwo zinkayenda kuchoka kumunda kukafika m'mphika. Mlimi ankatula katundu wake kwa amalonda opikulitsa amene adandanda mumsewu wa Western Avenue, iwo n'kugulitsa, n'kuchotsapo gawo lawo, n'kumupatsa zotsala. Mlimiyo adalibe njira yotsimikizira kuti katundu wake wapita pa mtengo wanji, ndipo nthawi zina ndalama imene ankalandira sinkabweza ngakhale zimene adawononga polima ndi ponyamula. Inu mayi simukufunika kulongosoleredwa zambiri pamenepa, chifukwa mukudziwa mmene mtima umawawira pamene tomato wapsa, dzuwa likuswa mtengo, ndipo wogula ndi mmodzi yekha.

Mbiri imene eni msikawo amasunga imanena kuti pakati pa 1906 ndi 1907 mtengo wa anyezi udakwera kakhumi, kuchoka pa masenti 10 kufika pa dola imodzi pa paundi, muyezo wochepera pang'ono theka la kilogalamu. Chimene chidapsetsa anthu mtima n'chakuti kukwerako sikudafike m'thumba mwa mlimi. Wogula ankalira, wolima ankaliranso, ndipo aliyense adaona amene ankaseka. Khansala wina wa mzindawo, Thomas Revelle, adafukula lamulo la 1896 limene linkalola khonsolo kupatula malo a msika wa anthu onse, ndipo khonsolo idasankha kamsewu katsopano kotchedwa Pike Place, kamene panthawiyo kadali koyalidwa matabwa. Msika udatsegulidwa Loweruka pa 17 Ogasiti 1907.

Tsiku loyambalo kudabwera ngolo za alimi pafupifupi 10 zokha. Nyuzipepala ya Seattle Times idalemba kuti opikulitsa aja adali atazungulira m'minda n'kugula zokolola mwadala kuti msika ukhale wopanda kanthu, ndiponso kuti alimi ena adaopsezedwa, pamene ena adachita mantha kuti msikawo ukalephera sadzakhalanso ndi kogulitsa. Mantha amenewa sitingawanyoze, pakuti munthu wokhala ndi ana sathamangira kukangana ndi amene amamugula chaka chonse. Koma ogula adafika mwaunyinji, makamaka amayi onyamula madengu, moti dzuwa lisadafike pamutu ngolo zonse zidali zopanda kanthu. Mbiri idawanda m'zigwa muja, ndipo m'masiku otsatira ngolo zidachuluka kufika makumi angapo.

Seattle ndi mzinda wa mvula yamvumbi, choncho kugulitsa pamtetete sikukadapita patali. Frank Goodwin, amene adapeza chuma ku golide wa ku Klondike ndipo adali ndi malo pamtunda womwewo, adamanga nyumba yoyamba ya msika, imene idatsegulidwa pa 30 Novembala 1907. Zina zidatsatira: Sanitary Market mu 1910, imene idatchedwa dzina lonena za ukhondo chifukwa mahatchi sankaloledwa kulowamo, ndi Corner Market mu 1912. Mabenchi a alimi ankagawidwa mwa maere kuti pasakhale wina wokakamira pamalo abwino, ndipo lamulo lalikulu lidali lakuti wogulitsa pa benchi ya mlimi akhale amene walima zimene akugulitsazo. Mpaka lero pamwamba pa msikawo pali chikwangwani cha mawu Achingerezi oitana wogula kuti adzakumane ndi mwini zokolola. Mmodzi mwa alimi amenewa, Giuseppe Desimone, amene anthu ankangomutchula kuti Joe, adachokera kufupi ndi Naples ku Italy ali mnyamata wopanda kanthu, koma adalima, nagula malo, nagulanso masheya m'kampani ya a Goodwin, kufikira pofika 1941 adakhala mwini wa nyumba zikuluzikulu za msikawo, ndipo banja lake lidaziyendetsa mpaka m'zaka za m'ma 1970.

Pano tichedwepo pang'ono, chifukwa pali chigawo cha mbiriyi chimene alendo ambiri ojambula zithunzi sachidziwa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isadayambe, alimi ochuluka pa mabenchi a Pike Place adali a mtundu wa Chijapani. Iwo ankalima movutikira, pakuti malamulo a chigawo cha Washington, makamaka la 1921, ankaletsa obwera kuchokera ku Japan kukhala ndi malo awoawo, moti ambiri ankalima minda yolembedwa m'mayina a ana awo obadwira ku America kapena a anthu ena. Pa 7 Disembala 1941 dziko la Japan lidaphulitsa doko la asilikali a America la Pearl Harbor ku Hawaii. Patangotha pafupifupi mlungu umodzi nyumba ya Sanitary Market idapsa, ndipo mphekesera zidaloza chala anthu a Chijapani ngakhale kuti palibe umboni umene udapezeka. Pa 19 Febuluwale 1942 Pulezidenti Franklin Roosevelt adasaina lamulo nambala 9066, limene lidachititsa kuti anthu pafupifupi 120,000 a mtundu umenewu, ambiri mwa iwo nzika za America, achotsedwe m'nyumba zawo n'kutsekeredwa m'misasa. A ku Seattle adayamba asungidwa pa bwalo la zionetsero zaulimi ku Puyallup, kenaka ambiri adatumizidwa ku Minidoka m'chigawo cha Idaho. Mu 1939 ziphaso za alimi ogulitsa pamsikawo zidali 515, koma anthuwa atachotsedwa zidatsika osafikanso 200. Mbewu zidasiyidwa m'minda zisadakololedwe, ndipo nkhondo itatha ndi ochepa okha amene adabwerera ku ulimi. Ife tikuona kuti bala limeneli silidapole konse, chifukwa msikawo sudakhalenso ndi alimi ochuluka monga kale. Mu 1998 mmisiri Aki Sogabe adajambula zithunzi zowakumbukira, zimene zili pamwamba chapafupi ndi khomo lalikulu, ndipo ndi bwino mwana wanu akazifunefune ulendo wotsatira.

Zaka zotsatira zidawonjezera mavuto. Mabanja adagula magalimoto ndi mafiriji, nasamukira kunja kwa mzinda, nayamba kugula m'masitolo akuluakulu kamodzi pamlungu. Zigwa zachonde zija zidasanduka mafakitale ndi nyumba zosungira katundu, makamaka damu la Howard Hanson litaletsa madzi osefukira m'chigwa cha Green River kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Nyumba za msika zidakalamba, madenga adayamba kudontha, ndipo ozungulira malowo adali okalamba ndi osauka okhala m'zipinda zotsika mtengo.

Tsopano tafika pa funso lanu lachiwiri, ndipo maganizo anu adalondola: anthu andalama adawafunadi malowo. Mu 1963 gulu la amalonda akuluakulu a pakati pa mzinda lidatulutsa pulani, imene pambuyo pake idatchedwa Pike Plaza, yogwetsa pafupifupi msika wonse kuti pamangidwe hotela, maofesi, nyumba zosanja, bwalo la masewero ndi malo oimika magalimoto zikwi zingapo. Meya ndi khonsolo adagwirizana nayo, ndalama za boma lalikulu zokonzera mizinda zidali kuyembekezeka, ndipo kwa anthu ambiri nkhaniyo idaoneka yothaitha. Amene adakana adali kagulu kotchedwa Friends of the Market, kutanthauza abwenzi a msika, kamene kadayamba mu 1964 motsogozedwa ndi Victor Steinbrueck, katswiri wojambula mapulani a nyumba amenenso ankaphunzitsa pa yunivesite ya Washington. Munthuyu sadali wodana ndi zatsopano, pakuti adathandiza nawo kujambula nsanja yotchuka ya Space Needle imene idamangidwira chionetsero cha dziko lonse cha 1962. Mfundo yake idali yakuti msika ndi anthu ake, ndiye kuti ukasiya kanyumba kamodzi kokongoletsedwa koma n'kuthamangitsa mlimi, wogulitsa nsomba ndi nkhalamba yokhala m'chipinda cham'mwamba, msikawo waupha ngakhale chikwangwani chitatsala.

Adasonkhanitsa masiginecha oposa 50,000, khonsolo idawanyalanyaza. Apo adagwiritsa ntchito ufulu umene malamulo a mzindawo amapereka, woti nzika zikakwanitsa chiwerengero cha masiginecha zitha kuika lamulo lawolawo pa voti ya anthu onse. Pa 2 Novembala 1971 anthu a mu Seattle adavota, ndipo pafupifupi 59 pa 100 alionse adati msika ukhale. Lamulolo lidapatula maekala 7 kukhala malo otetezedwa, pamene akuluakulu a mzinda ankafuna kusiya ochepera maekala 2, ndipo pambuyo pake malowo adakula kufika maekala 9. Lidakhazikitsanso komiti imene imaunika osati maonekedwe a nyumba okha, komanso mtundu wa malonda amene angachitikemo. Mu 1973 mzinda udapanga bungwe lapadera, lodziwika ndi zilembo zakuti PDA, kuti ligule nyumbazo, lizikonze ndi kuziyendetsa m'malo mwa anthu onse, ndipo phungu wa nyumba ya Senate, Warren Magnuson, adathandiza kuti ndalama za boma zimene zikadagwetsa msika zigwire ntchito youkonza.

Musaganize kuti voti imodziyo idathetsa zonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 bungwe lija, posowa ndalama, lidachita mgwirizano ndi amalonda ena a ku New York, amene adalembedwa ngati eni nyumba kuti apeze mpumulo pa misonkho. Malamulo a misonkho atasintha, amalondawo adafuna kutenga ulamuliro weniweni ndi kukweza lendi, ndipo padatenga milandu ndi thandizo la boma la chigawo kuti nkhaniyo ithe mu 1991. Anthu wamba nawo akhala akupisa m'thumba. Cha m'ma 1985 adagula matailosi a pansi pa madola 35 iliyonse, mayina awo n'kulembedwapo, ndipo matailosi oposa 45,000 ndiwo amene ogula amapondapo lero. Mu 2008 adavomerezanso pa voti msonkho wa madola 73 miliyoni wokonzera mapaipi, magetsi ndi kulimbitsa nyumbazo kuti zipirire zivomezi.

Mukatifunsa chimene mlimi ngati inu angatolepo, ife tinganene kuti si kukongola kwa nyumbazo, ndiponso si kuti opikulitsa onse ndi adani, chifukwa munthu wonyamula kabichi kuchokera ku Ntcheu kukafika naye ku Blantyre amalipira mafuta ndipo amataya wina panjira. Chimene alimi a ku Seattle adapeza mu 1907 ndi khomo lachiwiri. Mlimi amene ali ndi benchi yotetezedwa ndi lamulo pakati pa mzinda amatha kukana mtengo wachipongwe, popeza ali ndi kwina kopita, ndipo wopikula akadziwa zimenezo amayankhula mwaulemu. Benchi yoteroyo imalimba pokhapokha lamulo litanena momveka kuti ndi ya wolima, ndipo pali munthu wolipidwa kuti azionetsetsa kuti lamulolo likutsatidwa tsiku ndi tsiku.

FUNSO: Akonzi, mnzanga wa kuntchito akuti sitolo yoyamba ya khofi ya Starbucks ili mumsika wa Pike Place, ndipo ine ndikutsutsa, chifukwa sindikuona mmene kampani yaikulu chotero ingayambire mumsika wa ndiwo. Tiweruzeni. — Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo wapambana, koma osati kotheratu. Starbucks idayambadi m'dera la msikawu mu 1971, chaka chomwe anthu adavota kuti msika usagwetsedwe, ndipo oyambitsa ake adali atatu: Jerry Baldwin, Zev Siegl ndi Gordon Bowker. Sitolo yeniyeni yoyamba idali pa nambala 2000 mumsewu wa Western Avenue, ndipo patapita zaka pafupifupi 5 idasamukira pa nambala 1912 Pike Place, pamene alendo amaima pamzere lero. Choncho imene ilipoyo ndi sitolo yakale kuposa zonse za kampaniyo zimene zikugwirabe ntchito, koma si pamene padagulitsidwa paketi yoyamba. Poyamba sinkagulitsa khofi wakumwa monga tikuidziwira lero, koma nyemba za khofi zokazinga, tiyi ndi zokometsera zakudya. Imaloledwa kukhalabe mumsikamo chifukwa idabadwira momwemo, pakuti malamulo a malowo salola makampani okhala ndi nthambi zambiri kudzatsegula sitolo kuchokera kunja.

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Tacoma, kufupi ndi Seattle, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndidapita ku Pike Place mwezi wa Janyuwale ndili ndi chiyembekezo chopeza masamba a maungu kapena mpiru wochokera kumunda, monga ndidazolowera ku Zomba. Ndidapeza khamu la alendo akujambula anyamata oponyerana nsomba, mabenchi a mikanda ndi sopo, ndiponso malalanje ndi nanazi zimene ndikudziwa kuti sizingamere m'dziko lozizira ngati lino. Kodi si bodza kumautchabe msika wa alimi? — Mlongo wanu, Tacoma

YANKHO: Chemwali, maso anu adaona zoona, ndipo funso lanu ndi lomwe eni mzindawo akhala akukangana kwa zaka zambiri. Choyamba ndi nyengo. Janyuwale ndi pakati pa chisanu, minda yambiri ya m'chigawo cha Washington imakhala itagona, ndipo alimi ambiri sabwera. Mukadapita pakati pa Juni ndi Okutobala mukadaona msika wina.

Koma nyengo siyankha zonse. Mumsikamo muli mitundu iwiri ya ogulitsa zipatso ndi ndiwo, ndipo mlendo sasiyanitsa msanga. Pali mabenchi ataliatali okhazikika, amene zipatso zake zimasanjidwa mokongola ngati phiri. Eni ake ndi amalonda olipira lendi ya mwezi, amene amaoda katundu kulikonse, ngakhale ku California kapena ku Mexico, ndipo amaloledwa kutero. Malalanje ndi nanazi mudaziona pamenepo. Ndiye pali mabenchi aafupi obwereka patsiku, amene ndi a alimi ndi amisiri a ntchito zamanja. Mlimi kuti apatsidwe chiphaso ayenera kukhala wolima m'chigawo cha Washington, ndipo ogwira ntchito a bungwe loyendetsa msika amapita kukaona mundawo. Tinganene mosabisa kuti wamalonda wapakati, amene msika udayambira kuti umulambalale, adabwereramo kudzera khomo lina. Komabe tiyeneranso kuvomereza kuti popanda iye, anthu okhala pafupi sakadapeza ndiwo m'miyezi yozizira, ndipo msika wotsekedwa theka la chaka sukadakhalitsa.

Amisiri a zamanja adalowa pamene alimi adachepa, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, mabenchi atangokhala opanda anthu. Posakhalitsa magulu awiriwa adayamba kulimbirana malo, mpaka mu 1983 padalembedwa mgwirizano wotchedwa dzina la khansala Michael Hildt, umene umaunikidwanso pakapita zaka. Mutu wake ndi wakuti mlimi ndiye woyamba kusankha benchi. Otsalawo amagawidwa m'mawa uliwonse poitana mayina a amisiri, kuyambira amene adalowa kale kwambiri, ndipo mmisiri ayenera kugulitsa chimene wapanga ndi manja ake. Masiku ano alimi okhala ndi ziphaso safika 100, pamene amisiri ndi oposa 150 ndipo masitolo ndi malo odyera ndi oposa 200. Mukayerekeza ndi 515 a mu 1939, mukuona nokha kutalika kwa mtunda.

Alimi ambiri amene mungawapeze lero ndi a mtundu wa Hmong, amene adathawa kuchoka m'dziko la Laos ku Asia nkhondo ya kumeneko itatha mu 1975. Ntchito yowathandiza kupeza minda pafupi ndi Seattle idayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ambiri adaona kuti maluwa amapindulitsa kuposa ndiwo pa kamunda kakang'ono, makamaka kwa ogula amene ndi alendo ogona kuhotela, opanda mphika woti akaphikiremo. Mizere ya maluwa imene imadzaza khonde lalikulu ndi yawo, ndipo m'chisanu amagulitsa maluwa ouma. Iwowa ndi alimi enieni, odzuka usiku kukathyola, ndipo ena mwa iwo amabweretsanso ndiwo zamasamba za ku Asia zimene zimafanana kwambiri ndi mpiru ndi chayinizi wathu. Musachite manyazi kuwafunsa za nsonga za maungu m'miyezi yotentha, chifukwa anthu a ku Laos nawo amadya.

Za khamu la alendo, akuluakulu adati walira mvula walira matope. Msika umene udatsala pang'ono kufa chifukwa chosowa ogula tsopano umalandira anthu oposa 10 miliyoni pachaka, ndipo ambiri amadzaona, osati kudzagula kabichi. Kuponyerana nsomba kudatchuka m'zaka za m'ma 1980, pamene sitolo ya Pike Place Fish ya John Yokoyama idali pafupi kugwa, ndipo kudaipulumutsa, moti mu 2018 mwini wakeyo adaigulitsa kwa antchito ake anayi. Palibe cholakwika pamenepo, koma n'zoona kuti khamu loima n'kumajambula limatsekereza mayi amene wabwera kudzagula anyezi wa madzulo, ndipo alimi ena adasankha kukagulitsa m'misika ing'onoing'ono ya m'madera, kumene aliyense wobwera amabwera ndi chikwama.

Chimene chimatiletsa kuutcha bodza ndi mbali imene kamera siiona. M'zipinda za pamwamba pa masitolo aja mumakhala anthu mazana angapo, ambiri mwa iwo okalamba ndi opeza movutikira, olipira lendi yotsika chifukwa chikalata chokhazikitsa bungwe loyendetsa msika chimalamula kuti anthu otere asathamangitsidwe. Muli chipatala chaching'ono, malo ochezera ndi kudyera okalamba, nkhokwe yogawa chakudya kwa osowa, ndi sukulu ya mkaka. Zimenezi zimathandizidwa ndi bungwe la Pike Place Market Foundation, limene lidayamba mu 1982. Nkhumba yamkuwa imene ili pansi pa wotchi yaikulu, yotchedwa Rachel, yolemera makilogalamu pafupifupi 250, idaikidwa mu 1986 ndipo ndi bokosi loponyamo ndalama zothandizira ntchito zomwezo. Inu amene ntchito yanu ndi yosamalira okalamba mungayamikire kuposa ife kuti nkhalamba yosauka ikhale pakati pa mzinda, pafupi ndi dokotala ndi chakudya, m'malo mokankhidwira kutali.

Ngati chimene mukufuna ndi ndiwo zochokera m'manja mwa wolima, bwererani ku Pike Place mu Julayi, Ogasiti kapena Seputembala, mufike m'mawa alendo asadadzuke, mulunjike ku mabenchi aafupi a chakumpoto ndi matenti a mumsewu, ndipo mufunse wogulitsayo kumene kuli munda wake. Mu Juni ndi Julayi mudzapeza matcheri ochokera kum'mawa kwa mapiri a Cascade, ku zigwa zotentha monga Yakima. Yesaninso msika wa University District, umene udayamba mu 1993 ndipo umachitika Loweruka, kapena wa Ballard umene umachitika Lamulungu. Yonse iwiri imatsegulidwa chaka chonse, ndipo zokolola zake ndi za minda ya m'chigawo cha Washington chomwecho.